Nsapato Zanga Zinatsala M'kosita

1

"Ayi, mowa m'galimoto langa ayi."

"Si mowa weniweni, bambo. Ndi vinyo wotsekemera uja, wa azimayi."

"Amaledzeretsa?"

"Pang'ono chabe."

"Ndiye ndi mowa. Komanso aliyense azivula nsapato pakhomo. Kapeti ndangoika kumene."

Amene ankakana mowayo anali che Majidu, mwini kosita yokhala ndi masipika anayi, magetsi othwanima ndi mipando yoyang'anizana. Amene ankachonderera ndinali ine, Duwa, mtsikana wa digiri ya masamu wolemba mapepala a katundu pa kampani ina yaing'ono pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka. Zaka zinayi za ku yunivesite sizinandiphunzitse kukambirana ndi munthu wokonda kapeti kuposa makasitomala.

Kositayo inkafunika chifukwa cha Lenia, mnzanga wa kuyambira fomu wani. Ukwati wake ndi Mark unali utatsala milungu itatu. Tsiku lina anandionetsa pa foni atsikana a kunja akutsanzikana ndi umbeta: achita hayala basi, akuvina momwemo uku ikuzungulira m'tauni.

"Ndikufuna zomwezi," anatero. "Wokonza ndiwe. Uzibwera kudzandiuza tsiku ndi tsiku mmene zikuyendera."

Ndinavomera msanga, pakuti ndinali ndi cholinga changa. Panali nkhani yokhudza Mark imene Lenia anayenera kuimva asanalumbire pamaso pa abusa. Ndinali nditayesa katatu kumuuza. Ulendo woyamba ndinathera pa kuyamikira tsitsi lake. Wachiwiri ndinamufunsa za keke. Wachitatu ndinangolira, iye n'kumaganiza kuti ndikulira chifukwa andisiya ndekha pa umbeta.

Ndiye ndinaganiza zoinena m'njira yokhayo imene ndimaitha. Ine ndimakonda ndagi ndi mafunso ozunguza mutu. Ndinati nkhani imene yakana kutuluka pakhomo ituluka pawindo.

Za mowa ndinagonja. Za nsapato ndi zimene zinandikhala pamtima. Chala chachiwiri cha phazi langa lamanzere chinakwera pa chala chachikulu ngati mwana wa kumsana, ndipo ku pulayimale anandiseka nacho mpaka ndinalumbira. Ndimavala nsapato zotseka ngakhale mu Okutobala. Koma ndinadzitonthoza kuti masokosi alipo.

2

Gulu la pa WhatsApp ndinalitcha "Umbeta Tsala Bwino." Tinalowamo atsikana khumi ndi anayi, koma pofika madzulo maganizo anali makumi awiri. Wina anati tonse tivale zoyera. Wina anati zoyera ndi za mkwatibwi. Wina anafunsa ngati angabwere ndi mwana woyamwa. Wina anatuluka m'gulu chifukwa sitinayankhe "Ameni" pa vesi limene anatumiza m'mawa, kenako anabwereramo kudzafunsa ngati nkhuku idzakhala yowotcha kapena yokazinga.

Sikina yekha, mnzathu wogulitsa zitenje pamsika wa Chileka, ndi amene anandimvera chisoni.

"Iwe, usamawafunse," anatero pa foni. "Uziwauza. Ine ndikamafunsa kasitomala mtundu umene akufuna, amatsitsa shopu yonse n'kupita osagula."

Dongosolo langa linali lokongola ngati samu yotheka. Kosita inyamuke ku Chileka dzuwa likulowa. Tiime malo atatu, paliponse ndagi imodzi. Ziwiri zoyamba zongosangalatsa gulu. Yachitatu ndidzamunong'oneze Lenia yekha ku mpando wakumbuyo, nyimbo zikusokosa, iye atamwa pang'ono vinyo wozembetsa, ine nditamwa kwambiri.

Kenako nkhani inafika ku Lirangwe, kwawo kwa Lenia.

Bambo ake ndi mkulu wa mpingo. Sanafune n'kuikamba komwe. Anangotuma mlongo wawo, azakhali ake a Lenia, a Elsie, amene anagwira ntchito yofufuza zikwama pa bwalo la ndege zaka makumi awiri asanapume. Tinakhala nawo pakhonde, ine pampasa, iwo pampando, Lenia akutong'ola chimanga ngati nkhaniyo si yake.

"Ndiye akuti basi yovinira," anatero azakhali. "Ikupita kuti?"

"Siipita kulikonse, azakhali. Imangozungulira."

"Basi yosapita kulikonse. Mwaphunziradi."

Anawerenga malamulo pa zala. Basi inyamuke pano pa Lirangwe, anthu aone kuti mwana watuluka pakhomo pa makolo ake. Inyamuke m'mawa, ibwere dzuwa lisanalowe. Nyimbo zikhale zoti munthu angamvere ali ndi apongozi ake. Ndipo iwo akwera nawo.

"Koma azakhali, ndi ulendo wa mbeta zokhazokha."

"Amuna anga anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndine mbeta kuposa nonsenu."

Ndinayang'ana Lenia kuti andithandize. Iye anangoti, "Azakhali akwere, Duwa. Malo alipo."

Ndikutsanzika, azakhali anandiitananso.

"Ndiwe uja unali m'nsalu yachiwiri pa chinkhoswe, eti?"

"Ndine, azakhali."

"Ndakukumbukira."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, pang'onopang'ono, monga ankayang'anira zikwama zolemera mosiyana ndi maonekedwe ake.

3

Lachinayi masana, ndili pa ofesi, Mark anaimba.

"Ndamva kuti m'basi mudzakhala ndagi."

"Wamva bwino."

"Zako zija ndimazidziwa, Duwa. Usandisokonezere zinthu. Makhadi tagawa, ku tchalitchi alengeza kawiri, kwatsala kamodzi."

"Ndiye muuze wekha."

"Ndimuuze kuti zitani? Wadandaula? Ndamumana chiyani?"

"Mapanga awiri avumbwitsa, Mark."

"Miyambi ukauze ana a sitandade foro," anatero, n'kudula.

Ndinatenga kapepala ka ofesi, kumbuyo kwake n'kulembapo ndagi yachitatu. Ndinaikonza kasanu kuti imveke bwino. Ndikuuzeni zoona, itatheka ndinadzinyadira. Munthu ukhoza kukhala m'matope mpaka m'khosi n'kumasangalala kuti chipewa chakukhala.

4

Loweruka, sabata imodzi ukwati usanachitike, kosita inafika pa Lirangwe cha m'ma teni koloko m'mawa. Che Majidu anayatsa magetsi othwanima monga tinagwirizana, koma dzuwa la Okutobala linawameza onse. Tinkangodziwa kuti ayaka chifukwa iwo anatiuza.

Azakhali anaima pakhomo la kosita.

"Zikwama patsogolo, chimodzichimodzi."

Vinyo tinali titamuthira m'mabotolo a thobwa. Anatsegula loyamba, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Thobwa la ku Chileka masiku ano likununkha mphesa?"

Mabotolo asanu ndi limodzi anatsala pakhonde, atandandalikidwa ngati akaidi. Che Majidu anaomba m'manja.

"Amayi, mukadzafuna ntchito ya ukondakitala mudzandiuze."

Nsapato zonse zinalowa m'thumba la feteleza pafupi ndi khomo. Ine ndinatsala ndi masokosi anga akuda. Tinapemphera, tinaimba nyimbo imodzi ya kwaya chifukwa azakhali anati galimoto silinyamuka chopanda ulemu, kenako che Majidu anaika nyimbo zovinika pa mlingo umene iwo anautcha wa banja.

Atsikana anavina ndithu. Ankavina atagwira mipando, mitu atawerama kuopa denga, ndipo dalaivala akaponda buleki onse ankaunjikana kutsogolo ngati matumba a chimanga. Lenia sanavine kwambiri. Anakhala pawindo, atavala kansalu koyera kumutu kamene Sikina anamusokera, akumwa madzi pang'onopang'ono.

Tikulowa pa Lunzu ndinatenga maikolofoni.

"Ndagi!"

"Gize," anayankha anthu atatu okha.

"Ndimagona pamsewu osadzuka, koma olemera ndi osauka omwe amandigwadira."

"Duwa, tabwera kudzavina, si mayeso ano!" wina anakuwa kumbuyo.

"Hampu," anatero azakhali osatembenuka n'komwe. Nthawi yomweyo kosita inakwera hampu, maikolofoni n'kundimenya pamano.

Yachiwiri ndinainena titaima pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege, atsikana akujambulana.

"Ndagi! Mbalame yaikulu ya kwathu, mazira ake amatuluka akuyenda ndi..."

"Ndege," azakhali anandidula. "Mazira akewo ndawapisa m'matumba zaka makumi awiri."

Milungu iwiri ya kukonza inatha m'masekondi asanu ndi limodzi. Mpando wakumbuyo umene ndinausungira ine ndi Lenia unali utadzaza mapoto a nkhuku. Vinyo anali ku Lirangwe. Mdima kunalibe. Kapepala kanali m'thumba la buluku langa, kakunyowa ndi thukuta, ndipo mumtima ndinayamba kunena kuti mwina Lolemba. Lolemba ndi tsiku labwino kunena zinthu.

5

Pobwerera tinaima pamthunzi wa mtengo wina pafupi ndi Matindi kuti tidye. Che Majidu anayala manyuzipepala pa kapeti yense, anatichenjeza za mafuta a nkhuku, n'kutenga kamkeka kawo kupita kukaswali chapatali.

Titadya, Lenia anaomba m'manja.

"Sikina wabweretsa kyutekisi. Operekeza mkwatibwi nonse zala za kumapazi zikhale zofanana. Mapazi panja!"

"Ine ndikapaka kunyumba," ndinatero.

"Vula, Duwa. Tonse ndife akazi muno."

"Pa ukwati ndidzavala zotseka."

"Vula," anabwereza. Ankamwetulira, koma mawu ake sankamwetulira.

Ndinavula. Sikina anaika phazi langa lamanzere pamwendo pake. Wina anaseka pang'ono ataona chala chija, wina anamugunda ndi chigongono. Burashi itangokhudza chikhadabo choyamba, azakhali anapukuta manja awo.

"Paja unati ndagi ndi zitatu. Yachitatu ili kuti?"

"Ndaiwala, azakhali."

"Ndiye ndikubwereke yanga. Ndagi!"

"Gize!" Ulendo uno anayankha onse.

"Mlenje wazindikira mapazi a nyama imene akuti sanaisakepo, koma mapazi a mbuzi ya pakhomo pake sawadziwa. Amagona tchire liti?"

Atsikana anayamba kuponya mayankho. Wina anati galu. Wina anati wapolisi. Sikina anasiya kupaka. Dzanja lake linaima m'malere, maso ali pa chala changa, ndipo ndinaona nkhope yake ikukumbuka.

Inu amene simunalipo, ndikubwezeni miyezi iwiri m'mbuyo. Pa chinkhoswe, monga mudziwa, amatulutsa atsikana ofunditsidwa nsalu kuyambira kumutu, mmodzimmodzi, kuti mwamuna aloze wake anthu akuona. Tsiku limenelo azimayi anativula nsapato tonse atatu, kuti Mark asazindikire zimene anamugulira Lenia. Woyamba kutuluka anali Sikina. Mark anavundukula nsalu, anasuzumira, n'kunena kuti si uyu. Wachiwiri ndinali ine. Mark sanakhudze nsalu. Anangoyang'ana pansi n'kunena mokweza, "Uyu ndi Duwa, bwererani naye." Anthu anaseka, nthungululu zinalira, wina anakuwa kuti mkamwini ameneyu ndi wochenjera. Wachitatu anali Lenia. Mark anayang'ana pansi, anayang'ana ankhoswe ake, anayang'ananso pansi, kenako anavundukula nsalu kuti atsimikize.

Lenia ankadziwa kuti ine ndi Mark tinangoonanapo kangapo, m'tauni, pagulu. Ankadziwanso kuti ine sindivula nsapato pagulu.

"Ku bwalo la ndege," azakhali anatero mofatsa, "munthu akati chikwama si chake koma nambala ya loko akuidziwa, timamuika pambali."

Panja mbuzi inalira, ndipo palibe anaseka.

6

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala kaja.

"Lenia, ndinalemba. Ndagi yachitatu. Kiyi mmodzi amatsegula nyumba ziwiri..."

"Usandiwerengere," anatero. "Nena ngati munthu."

Ndinakhoza masamu amene anyamata ambiri m'kalasi mwathu anathawa. Koma mawu amodzi awa anandilemera ngati mtondo.

"Ndine."

"Kuyambira liti?"

"Ku koleji, chaka chachitatu. Tinasiyana titamaliza. Pamene ndinkakupatsa nambala yake n'kuti zitatha, ndikulumbira. Ndinkafuna kudzionetsa kuti sizikundipweteka. Kenako chaka chatha zinayambiranso."

"Komaliza?"

"Mwezi watha."

Wina kumbuyo anati "Mayo!" n'kudzitseka pakamwa.

"Pali china," ndinatero, pakuti ukayamba kusanza susankha. "Nyumba imene wakupezerani ku Chileka ija ili nyumba zitatu kuchokera kwanga. Sizinangochitika. Anandiuza kuti ukwati susintha kanthu. N'chifukwa chake ndinafuna udziwe."

"N'chifukwa chake," Lenia anabwereza. "Akanapeza nyumba ku Ndirande bwenzi uli chete."



Anachotsa kansalu koyera kumutu, anakapinda bwinobwino, n'kukaika pamwendo.

"Ndinali kuseri kwa chitseko tsiku lija, ndili m'nsalu. Ndinamva dzina lako m'kamwa mwake, ndinamvanso anthu akuseka. Miyezi iwiri ndakhala ndikudikira. Ukuganiza basi iyi ndinkaifuna? Ine ndimachita chizungulire ngakhale pa kabaza, iwe ukudziwa. Ndinakupatsa ntchito kuti uzibwera kwa ine tsiku ndi tsiku, mwina pakamwa patseguka. Unabwera masiku khumi ndi anayi, Duwa. Unandiuza za masipika."

"Ndinkaopa."

"Inenso ndinkaopa. Ndinkapemphera kuti mwina unaponda minga pa pikiniki ina yake iye n'kuona. Ndinakupangira zifukwa zambiri kuposa zimene ukanapanga wekha."

Ndinaimirira kuti nditsike. Azakhali anangosuntha miyendo kuti ndidutse.

Nsapato zanga zinali pansi pa thumba, pansi pa nsapato za anthu khumi ndi asanu. Sindikanatha kugwada pakhomo paja n'kumafukula maso onsewo ali pamsana panga. Ndinatsika chomwecho. Dothi linali lotentha ngati chiwaya. Ndinakumana ndi che Majidu akubwera ndi kamkeka kawo kukhwapa.

"Achemwali, nsapato?"

"Ndikusungirani kapeti," ndinatero.

Ndinayenda mpaka pamsewu waukulu n'kuimika minibasi. Kondakitala anayang'ana mapazi anga, chikhadabo chimodzi chofiira, chala chokwera pa chinzake, kenako anayang'ana nkhope yanga n'kundipatsa mpando wakutsogolo.

7

Lamulungu lotsatira kulengeza kwachitatu sikunachitike ku tchalitchi cha ku Lirangwe. Ankhoswe anakumana Lachiwiri. Loweruka limene likanakhala la ukwati, akuti Lenia anapita kumunda ndi amayi ake kukagalauza. Mark anandiimbira kakhumi ndi kawiri, ndipo pa uthenga womaliza analemba kuti ndamuwonongera moyo. Za phazi sanatchule. Ndikukhulupirira kuti mpaka lero sadziwa kuti anadzigwiritsa yekha, pa nthawi imene anthu ankamuombera m'manja.

Gulu la pa WhatsApp linatha lokha. Anthu ankatuluka mmodzimmodzi, mpaka ndinatsala ndekha ndi dzina lija, "Umbeta Tsala Bwino."

Inu owerenga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, ndipo za kugona ndi mwamuna wa mnzako simufunika ine kuti ndikuuzeni. Chimene ndikufuna kunena ndi cha ndagi. Ndinkadziuza kuti ndikuzungulira pofuna kumutchinjiriza Lenia. Bodza. Ubwino wa ndagi ndi woti zikavuta umatha kunena kuti ndimangocheza. Ndinkafuna kuti choona chimufike koma chisadzere m'kamwa mwanga, kuti iye avutike kuchipeza, ine nditsale wanzeru. Ndinachita hayala galimoto, ndinakangana ndi anthu khumi ndi atatu za mtundu wa malaya, ndinathira vinyo m'mabotolo a thobwa, zonsezo pothawa mawu amodzi amene ndikananena pakhonde tili awiri. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine ndinalinda mpaka anthu khumi ndi asanu anamva zimene akanamva mmodzi. Ngati muli ndi mawu otere, musawalembe pa kapepala. Pitani lero, mugogode, munene ngati munthu.

Patatha milungu itatu Sikina anabwera ku ofesi ndi jumbo. Sanakhale pansi.

"Lenia akuti ndikupatse."

"Ali bwanji?"

"Akudya. Akugona. Zina usandifunse."

Munali nsapato zanga, zochapidwa, zingwe zake zitamangidwa pamodzi monga tinkachitira ku sekondale kuti zisasochere. Mu yamanzere munali kapepala. Ndinayembekeza chipongwe, kapena vesi. Linali funso limodzi, m'malemba ake opendeka aja. Ndimalitulutsa m'dirowa pafupifupi tsiku lililonse, ine woyankha mafunso a aliyense, n'kulibwezeramo.

"Tsiku lija uli m'nsalu, akanati 'ndi uyu', ukanakana?"